Masabata Asanu Ofunsa Anthu Zimene Anadya

Chaka chimene matenda a poloni anavuta mu Joni muno ndinkasoka makatani ku Doornfontein, m'kafakitale kena ka pa nsanjika yachitatu, pamwamba pa shopu ya mapoto ndi mabeseni. Ndinkagona ku Bertrams, m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kupita kuntchito. Dzina loti matenda a poloni linabwera pambuyo. Poyamba tinkangomva kuti azimayi oyembekezera akupita padera, makanda akumwalira asanatuluke m'chipatala, ndipo achikulire akugonekedwa ndi kutentha thupi komanso kuuma khosi. Gwero lake silinkadziwika.

Ndisanabwere kuno ndinali mlangizi wa zaumoyo kwathu ku Ntcheu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkayendetsa sikelo ya ana, kubaya katemera, kuthira klorini m'zitsime nthawi ya dzinja ndi kulemba makomo opanda zimbudzi. Satifiketi yanga inali pansi pa sutikesi, ndipo kuno palibe anaifunsapo. Amene ankadziwa za ntchito yangayo anali nesi mmodzi wa pa kiliniki imene ndinkalandirako mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tsiku lina ndinamuthandiza kumva zimene ankanena mayi wina wa kwathu amene sankadziwa Chizulu ngakhale Chingelezi, ndiye kuyambira pamenepo akandiona pamzere ankandikodola kuti ndimumasulire.

Ndi nesi ameneyu amene anandiimbira foni. Anati kwabwera akatswiri ochokera kunja kudzathandiza boma kufufuza matendawa, ndipo gulu lina likufuna munthu womva Chichewa ndi Chinyanja cha ku Zambia, chifukwa ena mwa odwala anali anthu athu. Ndinamufunsa ngati akafuna kuona mapepala anga, poti pepala langa linali litatsala pang'ono kutha. Anaseka n'kunena kuti akufuna pakamwa panga, osati pasipoti. Abwana a kufakitale anandilola monyinyirika. Anati makina anga sangawasunge, ndikabwerera ndidzakhala pamene padzapezeke malo.

Gulu lathu linali la anthu atatu. Panali adokotala, mayi wamfupi wa imvi pang'ono wochokera kumadzulo kwa Africa, amene Chingelezi chawo chinkamveka Chifalansa. Panali mkulu wina wa zaukhondo wa mumzinda muno, bambo wachizulu wathupi, amene ankayendetsa galimoto ndi kunyamula bokosi loziziritsa. Wachitatu ndinali ine. Tsiku loyamba ndinatambasula dzanja kuti ndiwapatse moni adokotalawo, koma iwo anangoika dzanja lawo pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Anapepesa, nati anakhala nthawi yaitali kumene kunali matenda opatsirana pongogwirana, ndiye chizolowezicho chinawakanirira.

Mkulu wa zaukhondoyo sankasangalala nawo. M'galimoto anandiuza m'Chizulu kuti dziko lino lili ndi malo oyezera matenda aakulu kuposa zipatala zonse za kwawo kwa mayiwa, ndiye sakuona chifukwa chowaitanira. Adokotala anali pampando wakumbuyo ndi ine, akuwerenga mndandanda wa maadiresi. Chizulu sankachimva, koma ndikuganiza kuti mawu otere amamveka m'chinenero chilichonse. Titayenda pang'ono ananena, maso ali papepala, kuti za kachirombo koyambitsa matendawa madokotala a kuno akudziwa zambiri kuposa iwo. Chimene iwo anabwerera n'chakuti anagogodapo pamakomo ambiri. Bamboyo anangokweza wailesi.

Kwathu akatswiri ndinkawaona. Ankabwera pa galimoto zoyera, ife titasesa pabwalo la chipatala dzulo lake, ndipo akamajambulitsa tinkaima kumbuyo. Ndinali ndisanakhalepo mpando umodzi ndi katswiri. Tsopano tinali limodzi, tonse alendo m'dziko la eni. Iwo anakawachingamira ku bwalo la ndege ndi chikwangwani cholembedwa dzina lawo. Ine ndinabwera pa basi, masiku awiri m'njira, miyendo itatupa. Zimenezi sindinawauze, ndipo iwo sanandifunse.

Ntchito yake inali iyi. Zipatala zinkapereka maina ndi maadiresi a anthu amene apezeka ndi matendawa. Ife tinkawatsatira kunyumba, kuwafunsa zimene anadya masabata anayi asanadwale, ndi kutenga chakudya chilichonse chokayikitsa chimene chatsala m'firiji kuti chikayezedwe. Maadiresi ambiri anali abodza. Munthu wopanda mapepala akafika kuchipatala amatchula msewu umene waukumbukira, nambala n'kungopeka. Ndipo kumene tinkapeza nyumba yeniyeni, galimoto yathu ya chizindikiro cha boma inkatiwonongera ntchito. Tsiku lachiwiri ku Troyeville tisanatsike n'komwe tinaona bambo wina akulumpha mpanda kuseri, ndipo mayi amene anatitsegulira anakana kuti munthu amene tinkamufunayo sanamumvepo, chikhalirecho anali iye yemwe.

Ndinawauza kuti galimoto tiziisiya pa malo omwetsera mafuta, tiziyenda wapansi, komanso tivule mavesiti athu owala aja. Mkulu wa zaukhondo anati malamulo salola. Adokotala anavula yawo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'chikwama. Bamboyo anavala yake masiku ena awiri, kenako tsiku lachitatu anaisiya m'galimoto.

Fomu yofunsira inali yaitali, ndipo inkayendera limodzi ndi buku la zithunzi za zakudya. Ndinkamasulira funso monga linalembedwera: munadya chiyani masiku amenewo? Anthu ankayankha kuti papa, nsima ya kuno, ndi kabichi, nyemba, nkhuku Lamlungu. Basi. Pofika kumapeto kwa sabata yoyamba adokotala anayala mafomu pa boneti ya galimoto n'kundifunsa chifukwa chake mafomu a anthu athu anali opanda kanthu chonchi. Anafuna kudziwa ngati anthu akubisa, kapena ngati n'zoona kuti amadya zochepa chomwecho.

Ndinawafotokozera kuti kwa ife kudya ndi kusamba m'manja n'kukhala pansi. Munthu akhoza kugula buledi pamsewu m'mawa, masana n'kugula kota, ija ya buledi wobooledwa pakati wothiramo tchipisi ndi nyama, koma madzulo akafika kunyumba adzanena kuti lero sindinadye kanthu, ndipo sakunama. Adokotala anandiyang'ana kanthawi, kenako anandifunsa mmene ineyo ndikanafunsira. Ndinati ndikanamuyendetsa munthuyo tsiku lake lonse. Mumadzuka nthawi yanji, mumadutsa msewu uti, mumaima pa sipaza kapena kagolosale kati, mumagulapo chiyani, ana mumawaikira chiyani m'kabokosi ka kusukulu. Tinayamba kufunsa choncho Lolemba lotsatira, ndipo mafomu anayamba kudzaza. Mandasi a kuno otchedwa magwinya, soseji, tchizi, poloni. Adokotala analemba zimenezi m'kabuku kawo ndipo anaimbira foni munthu wina. Sindikudziwa ngati zinathandiza. Magulu ngati lathu analipo ambiri m'dziko lonse, komanso panali anthu a kumalo oyezera amene ine sindinawaonepo.

M'sabata yachitatu tinapita kunyumba ina ku Bertrams komweko, misewu itatu kuchokera kumene ndinkakhala. Inali nyumba yakale ya khonde lalitali, imene zipinda zake anazigawa ndi matabwa kuti mulowe mabanja asanu. Tinkafuna mayi wachitsikana wa ku Chipata. Anachira miyezi isanakwane, ili isanu ndi iwiri, ndipo mwanayo anakhala masiku awiri okha. Tinamupeza atakhala pa bedi, atafunda chitenje ngakhale kunkatentha. Mwamuna wake, amene ankagwira ntchito ya ulonda pa malo ena osungira katundu, anaima pakhomo atavala buluku la yunifomu ndi masilipasi. Mipando inalipo iwiri. Adokotala anakhala pa chidebe chovundikira, mipando n'kutisiyira ine ndi mkulu wa zaukhondo, koma mkuluyo anasankha kudikira pakhonde.

Ndinayamba ndi kupepesa maliro monga timachitira, ndipo adokotala anadikira osatulutsa fomu mpaka titamaliza. Mayiyo ankayankha motsitsa mawu. Anati anangomva ngati chimfine, kuphwanya m'thupi ndi mutu, ndiye anamwa panado n'kugona. Tsiku lachitatu mimba inayamba kupweteka. Titafika pa buku la zithunzi ankatembenuza masamba yekha, akupukusa mutu. Pa tsamba la poloni anaima. Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inamasuka pang'ono. Anati chiyambire mimbayo nyama inkamununkha, nsomba inkamununkha, mazira osanena. Chimene mtima wake unkafuna chinali poloni wozizira, wongodula n'kudya osaphika. Mwamuna wake ankamubweretsera mpukutu wathunthu Lachisanu lililonse akaweruka, ndipo iye ankadzidulira pang'onopang'ono sabata yonse.

Mwamunayo anavomereza ndi mutu. Anati sankafuna kuti mkazi wake azisirira za anthu ena.

Firiji inali imodzi ya nyumba yonse, pakhonde lamkati pafupi ndi bafa. Aliyense ankaika zake m'jumbo n'kumanga mfundo yakeyake. Mkulu wa zaukhondo anavala magolovesi n'kutulutsa kachidutswa ka poloni kamene kanatsala, kali m'pepala lake lofiira, kouma m'mphepete. Anakaika m'thumba loyera, analembapo nambala, kenako anapukuta mashelefu ndi timitengo ta thonje. Adokotala anawauza anthu a m'nyumbamo kuti pakadali pano nyama iliyonse yogula yophikaphika aziitenthetsa kaye mpaka ituluke nthunzi, makamaka oyembekezera. Sananene kuti akukayikira chiyani, chifukwa nthawi imeneyo zinali zisanatsimikizike.

Tikutuluka, mwamunayo anandikokera pambali. Analankhula mwachangu, m'Chinyanja chakwawo, maso ali ku chitseko cha chipinda choyandikana ndi chawo.

"Amayi, imwe ndimwe athu, mumvetsa. Izi za mafomu n'zawo. Ise tidziwa kumene kwachokera vutoli."

Anati m'chipindamo munkakhala mayi wina wa kwathu ku Malawi, wosakwatiwa, wopanda mwana, wogulitsa tomato. Miyezi iwiri m'mbuyomo anakangana ndi mkazi wake chifukwa cha malo m'firiji, ndipo mayiyo ananena kuti tiona ngati uzidzadya wekha. Kuyambira tsiku limenelo, iye anati, mkazi wake sanapezenso bwino. Ndinamuuza kuti adikire zotsatira za kuyeza. Anandiyang'ana ngati ndine munthu wogulidwa.

Adokotala anandifunsa zimene wanena. Ndinati akudandaula kuti firiji ndi yaing'ono ndipo anthu amakanganirana. Ndinachita zimenezi mosaganiza kwambiri. Pa fomu panalibe malo olembapo nkhani yotero, komanso sindinkafuna kuti mlendo apite kwawo akunena kuti anthu a kwathu, mwana akamwalira, amaloza chala mnansi. Tinayenda mpaka pa galimoto. Titakhala pansi anati, "Bambo uja analankhula nthawi yaitali. Inu mwalankhula pang'ono."

Ndinawauza zonse. Sanadabwe. Anati kwawonso zimachitika, ndipo anaonapo nyumba ya mayi wina itatenthedwa pa nkhani ngati yomweyi. Kenako anandiuza, mosakalipa, kuti kuyambira tsiku limenelo ndizimasulira chilichonse, chabwino ndi choipa, kusankha azisankha okha. Anapempha kuti tibwerere tikalankhule ndi bamboyo. Mkulu wa zaukhondo anaonetsa mndandanda wa tsikulo, makomo asanu ndi limodzi tisanafikeko, komanso bokosi linkayenera kukafika kumalo oyezera isanakwane nthawi yotseka. Anagwirizana kuti tidzabwerera Lachisanu. Lachisanu linafika tili ku chipatala china kutali, sabata yotsatira tinatumizidwa kumadera ena, ndipo masiku amenewo sitinabwerere.

Ineyo ndinkakhala pafupi, ndikanatha kudutsako Loweruka kapena Lamlungu. Sindinapiteko. Ndinkafika kunyumba nditatopa, komanso ndinkadziuza kuti popanda zotsatira ndikanena chiyani. Nkhani ndinaimva kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankachita lendi m'nyumba yoyang'anizana nayo. Anati mabanja a m'nyumbamo anagwirizana, anapita kwa woyang'anira nyumba n'kunena kuti achoke mayi wa tomato kapena achoka onse. Mayi wa tomatoyo pochokera kumsika anapeza katundu wake ali pakhonde, matiresi, mbaula ya palafini ndi zikwama ziwiri. Sanamenyedwe. Anaitana ngolo ya anthu otola zitsulo n'kunyamula katundu wake, ndipo palibe anafunsa kumene akupita. Ndinawauza adokotala Lolemba m'mawa. Analemba kenakake m'kabuku kawo, n'kutseka, n'kuyang'ana kunja pawindo mpaka tinafika kumene tinkapita.

Boma linalengeza Lamlungu lina masana. Ndinaonera pa TV ya eni nyumba, nditaima pakhomo la khitchini. Anati gwero lapezeka, ndi poloni ndi nyama zina zotere zochokera ku fakitale ina, ndipo aliyense amene ali nazo asadye, abweze kushopu. Lolemba m'mashopu akuluakulu mashelefu a nyama zozizira anali opanda kanthu, pakhomo ataika migolo yoponyamo. Ogulitsa kota m'misewu ya ku Doornfontein anayamba kuikamo mazira ndi tchipisi zokha, ena analemba pa makatoni kuti muno mulibe poloni. Ana a sukulu anapeka nyimbo yake. Anzanga a kufakitale ya makatani anandiimbira foni kundifunsa ngati ndine ndinatulukira, ndinati ayi.

Masiku atatu pambuyo pake zotsatira za firiji ya ku Bertrams zinabwera. Kachidutswa kaja kanali ndi kachiromboko, mtundu womwewo umene unapezeka m'magazi a mwana. Ntchito yathu sinkafuna kuti tikauze banjalo. Zotsatira zinkapita ku ofesi, n'kukalowa m'gulu la zinzake. Koma adokotala anati tipite. Ulendo uno mkulu wa zaukhondo sanatchule za mndandanda. Anatembenuza galimoto, ndipo m'njira anaima pashopu n'kugula botolo la klorini ndi nsalu zopukutira.

Tinafika cha m'ma teni m'mawa. Mwamunayo anali atangodzuka, mkazi wake akuchapa m'beseni kuseri. M'chipinda choyandikana chija munali mutalowa kale anthu ena, pachitseko pali loko watsopano. Tinakhala monga tinakhalira poyamba, adokotala pa chidebe. Anafotokoza pang'onopang'ono, akuima pa chiganizo chilichonse kuti ndimasulire. Anati kachiromboka kanalowa m'nyamayo kufakitale, isanafike n'kushopu komwe. Sikaoneka, sikanunkha, ndipo kuzizira kwa firiji sikukapha. Munthu wamkulu wathanzi akhoza kudya osamva kanthu, koma mwa mayi woyembekezera kamadutsa n'kukafika kwa mwana. Anati zimenezi zachitikira mabanja ambiri m'dziko muno, olemera ndi osauka, eni dziko ndi alendo.

Mwamunayo anamvetsera atagwira m'chiuno. Nditamaliza anafunsa, osayang'ana adokotala koma ine.

"Ndiye mukamba kuti ndine n'namubweretsera m'nyumba."

Ndinamasulira monga ananenera. Adokotala anayankha mwachidule.

"Munagula chakudya m'shopu, kugulira mkazi wanu amene sankatha kudya china. Amene ankayenera kuonetsetsa kuti chakudyacho n'chabwino si inu."

Ndinabwereza mawuwo m'Chichewa, osawonjezera, osachotsa. Ndinkafuna kuwonjezera kuti Mulungu ndiye amadziwa, monga timanenera pamaliro, koma ndinadziletsa. Bamboyo anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, n'kuyamba kuvala nsapato zake za kuntchito, ngakhale ntchito yake inkayamba madzulo. Anamanga zingwe za nsapato imodzi, n'kumasula, n'kumanganso.

Mkazi wake ndiye anafunsa za mayi wa tomato. Anangoti, "Nanga amayi aja?" Ndinamasulira. Adokotala anati mayi ameneyo sizikumukhudza m'njira ina iliyonse, ndipo akanakhala kuti anadyako ali woyembekezera zikanamuchitikiranso iyeyo. Ndinanena zimenezi mokweza pang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti matabwa ogawa zipinda ndi opyapyala ndipo pakhonde panali anthu. Mwamunayo anaimirira, anati akufunika kukaonana ndi munthu wina, n'kutuluka. Anadutsa mkulu wa zaukhondo pakhonde osamupatsa moni.

Mayiyo anatsala akuyang'ana manja ake, amene anali adakali ndi thovu louma la sopo. Anafunsa ngati matendawa atsalira m'mimba mwake, ngati mwana wina adzafenso. Adokotala anamufunsa za mankhwala amene analandira kuchipatala, ndipo atamva anati ayi, kachiromboko kanatha, sikakhalitsa m'thupi kudikira mimba ina. Anamuuza kuti apume miyezi ingapo thupi libwerere, ndipo akadzaima adzayambe sikelo msanga. Mayiyo anapempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anapemphanso kuti adokotala alembe papepala kuti akaonetse apongozi ake ku Chipata, amene ankanena kuti mimba yake ndi yosasunga ana. Adokotala anang'amba tsamba m'kabuku kawo n'kulemba mizere inayi m'Chingelezi, ine ndinalemba m'munsi mwake m'Chichewa. Iwo anasaina. Chidindo tinalibe.

Kenako tinatsuka firiji. Tinatulutsa majumbo onse n'kuwayala pansi, eni ake ataima m'makomo mwawo akuonerera. Ndinasungunula klorini m'chidebe, mkulu wa zaukhondo anazula mashelefu n'kupita nawo pa mpopi wa kuseri, adokotala anapinda manja a bulauzi n'kugwada. Mayi wa ku Chipata anabwera ndi nsalu yake n'kuyamba kupukuta chitseko. Mayi wina wa chipinda chakutsogolo anafunsa ngati soseji yake nayonso ayitaye, ndipo atauzidwa kuti inde anadandaula kuti anagula dzulo lomwe. Tinamaliza isanakwane nthawi ya nkhomaliro, ndipo tinapita ku adiresi yotsatira, imene inapezeka kuti ndi garaja yokonzera matayala.

Sabata yachisanu inali yomaliza. Odwala atsopano anali atayamba kuchepa, ndipo ntchito yotsala inali ya m'maofesi. Adokotala anaitanidwa kudziko lina kumene kunasefukira madzi ndipo kolera inali itayamba. Tinatsanzikana pamalo oimika galimoto pa kiliniki. Anandifunsa ngati ndinaganizapo zobwerera ku ntchito ya zaumoyo. Ndinati satifiketi yanga kuno siigwira ntchito, ndipo kwathu malo anga analowapo wina kalekale. Anagwedeza mutu, sanalonjeze kanthu, ndipo ndinaona kuti anachita bwino. Anatenga nambala yanga. Mkulu wa zaukhondo anawanyamulira chikwama mpaka m'galimoto, ndipo ndinamumva akuwafunsa ngati kwawo kuli nyama yowotcha yabwino ngati ya kuno.

Kufakitale ndinapeza makina anga ali ndi mtsikana wina wa ku Zimbabwe. Anandiika pa tebulo losita, pafupi ndi windo, ndipo ndinakhalapo mpaka chaka chinatha.

Patapita miyezi inayi kapena isanu ndinalandira uthenga pafoni kuchokera ku nambala yakunja. Anali adokotala. Anafunsa mmene ndinalili, kenako anafunsa za mayi wa ku Chipata ndi za mayi wa tomato. Ndinayankha kuti sindikudziwa, koma ndifufuza. Lamlungu lotsatira nditaweruka kutchalitchi ndinadutsira kunyumba ija. Banjalo linali litasamuka. Mayi wa chipinda chakutsogolo anati anabwerera kwawo ku Zambia, koma bambo wina amene ankachapa nsapato pakhonde anati ayi, mwamunayo anapeza ntchito ku Pretoria ndipo anatengana. Sanagwirizane, ndipo panalibe amene anali ndi nambala yawo.

Mayi wa tomato ndinamupeza mosavuta kuposa mmene ndinkaganizira, nditafunsa kwa ogulitsa anzake. Ankagulitsa pakona ina ku Troyeville, pafupi ndi pokwerera matakisi, tomato ndi anyezi ataunjika pa thumba. Ndinali ndisanalankhulepo naye. Ndinadzifotokoza kuti ndine ndinabwera ndi achipatala kunyumba imene ankakhala, ndipo ndinamuuza zimene zinapezeka m'firiji, komanso kuti adokotala ananena, anthu a m'nyumbamo akumva, kuti iye sizinkamukhudza. Anamvetsera akupukuta tomato ndi kansalu. Anati za poloni anamva pa wailesi ngati wina aliyense. Anafunsa ngati alipo wa m'nyumbamo amene wandituma. Ndinati palibe. Anati chipinda chimene anapeza pano n'chabwinoko, chili ndi windo, ndipo firiji safunanso, amagula zokwanira tsiku limodzi. Kenako kunabwera kasitomala ndipo anatembenukira kwa iye.

Madzulo ake ndinawalembera adokotala zonsezi, monga ndinazipezera. Anayankha patapita masiku awiri, kuthokoza, n'kunena kuti kumene ali netiweki ndi yovuta. Pa Khirisimasi ndinawatumizira moni, koma uthengawo sunafike. Ndikuganiza kuti inali nambala ya dziko limene ankagwirako ntchito nthawi imeneyo, ndipo anali atapita kwina.